Kufunsa Mapepala kwa Alamu

Amene anandionetsa kapepalako ndi makaniko wa ku Biwi, mu Lilongwe, patatha miyezi inayi chigulireni galimoto. Ndinangopita kukasinthitsa oyilo. Mkuluyo atatsegula chitseko cha dalaivala anawerama, n'kupukuta mphuthu ya chitsekocho ndi chala, kenaka anandikodola.

"Achikulire, galimotoyi munaigula ikuwerenga zingati?"

Ndinamuuza kuti makilomita 71,000.

"Tabwerani muone apa."

Panali kapepala komata, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kolembedwa m'Chijapani. Ine Chijapani sindichidziwa, iyenso sachidziwa, koma manambala safuna womasulira. Pamwamba panali H29, pansi pake 148,000. Anandifotokozera kuti magalaja a ku Japan akasintha oyilo amamata kapepala kotere, kosonyeza makilomita amene galimoto yayenda kapena amene idzafunikire oyilo wina, ndipo H29 ndi chaka cha 29 cha ufumu wa Heisei, chomwe kwa ife ndi 2017. Kaya nambalayo inkatanthauza chiti mwa ziwirizo, nkhani inali imodzi: mu 2017, galimotoyo isanakwere n'komwe sitima, inali itayenda kale pafupifupi kawiri mtunda umene dashibodi yake inkandionetsa ine mu 2021. Wina, penapake, anaibweza.

Galimotoyo inali Toyota Sienta. Anandigulitsa ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba.

Si kuti panalibe wondichenjeza. Mphunzitsi mnzanga anandiuza kuti ndisanapereke ndalama ndiitanitse mapepala a ku Japan, ndiponso ndipite nayo kwa makaniko wanga. Nditazitchula kunyumba, mayi anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ndiye kuti achimwene mukuwayesa wakuba?" Nkhani inathera pomwepo. Munthu amene anagona pasiwa masiku atatu pamaliro a bambo anga, n'kulipira yekha galimoto yonyamula thupi, ine ndikamuime kutsogolo ndi makaniko ngati wapolisi wa pamsewu? Ndinalandira blue book ndi makiyi, tinagwirana chanza, tinadya nsima.

Kuyambira tsiku la ku Biwi lija ndakhala ndi funso limeneli: kodi kufufuza mawu a munthu amene umamukhulupirira n'kumulakwira?

Sindifuna kuwapeputsa mayi a kunyumba, chifukwa zimene ananena zili ndi mutu. Moyo wathu wambiri umayenda popanda pepala. Timabwerekana ndalama popanda mboni, timasiyirana ana, timatumiza ndalama za feteleza kumudzi kudzera mwa kondakitala amene timangomudziwa nkhope. Kukhulupirira munthu ndi mphatso imene umamupatsa, ndipo iye amaimva. Mwana amene amawerenga chenji pamaso pa amayi ake wanena kanthu ngakhale sanatsegule pakamwa. Dziko limene aliyense angamafune umboni pa mawu alionse a mbale wake lingakhale lozizira, ndipo ine sindingafune kukhalamo. Choncho pamene ndinasiya kufunsa mapepala ndinkadziona ngati munthu waulemu amene waika chibale patsogolo pa ndalama.

Koma tiyeni tione chimene ndinakana kuona, chifukwa sichinali chinsinsi chovuta.

Galimoto ya ku Japan imabwera ndi mbiri yolembedwa bwino kuposa ya anthu ambirife. Kumeneko galimoto ya munthu wamba imayezedwa ndi boma ikakwanitsa zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse. Kuyezako amakutcha shaken, ndipo kumadula, n'chifukwa china chimene eni ake amagulitsira galimoto zidakali zamphamvu. Poyezapo amalemba makilomita, ndipo manambalawo amaonekanso pa chikalata chimene boma la Japan limapereka galimoto ikamatuluka m'dzikomo. Zambiri mwa galimotozi zimadutsa pa okushoni, pomwe woyendera amalemba pepala lake: makilomita, giredi ya galimoto yonse, ndi chithunzi cha galimoto chokhala ndi zilembo. A ndi pokalika, U ndi pophwanyika pang'ono, W ndi pamene anawongola n'kupenta, XX ndi chitsulo chimene anachotsa n'kuika china. Giredi 4 kapena 4.5 ndi galimoto yabwino. Giredi R ndi galimoto imene inachitapo ngozi yokhudza mafupa ake enieni n'kukonzedwa. Zonsezi zimamangiriridwa ku nambala ya chasisi, yodindidwa pachitsulo, imene pa Sienta yanga inkayamba ndi NCP81. Munthu amene ali ndi nambalayo ndi foni akhoza kulipira kandalama pa intaneti n'kulandira pepala la okushoni tsiku lomwelo.

Mbiriyo imasochera panjira. Galimoto imatsika sitima ku Dar es Salaam, imayenda masiku angapo kudzera ku Mbeya, imalowa pa Songwe, n'kutsika ndi M1 kuchokera ku Karonga. Zina zimatsikira ku Durban, m'dziko limene sililola kuti galimoto zotere zigulitsidwe kwa nzika zake koma limazilola kudutsa. Panjira yonseyi pali manja ambiri: wogula pa okushoni, wotumiza, ejenti wa padoko, dalaivala, ejenti wa paboda, wogulitsa pansi pa mtengo mu tauni. Kubweza mileage ya galimoto zamasiku ano ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa munthu amene ali ndi kompyuta yake. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linanena mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018, Japan, America ndi mayiko a ku Ulaya anatumiza kunja galimoto zing'onozing'ono zogwiritsidwapo kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndi imene inalandira zambiri kuposa dera lina lililonse. Iliyonse mwa izo inanyamuka ndi mbiri yake. Ndi zingati zinafika nayo?

Ngakhale popanda pepala, galimoto imadziulula kwa amene akufuna kumva. Labala wa papedulo ya buleki amatha molingana ndi mapazi amene apondapo. Chiwongolero chimasalala. Mpando wa dalaivala umakhala ndi dzenje. Kamaginito sikamamatira pamene anadzaza phala la mapanobita. Mabawuti a boneti amene anamasulidwapo amakhala ndi zipsera. Makaniko wa ku Biwi uja anandionetsa zonsezi pa mphindi khumi, ndipo sanandilipitse.

Usiku womwewo ndinalipira kandalama kaja. Pepala la okushoni linabwera: makilomita 163,000, giredi R, XX pa boneti ndi pa fenda ya kumanja.

Alamu ndinakawapeza Loweruka, ndili ndi pepalalo m'thumba ndi mawu okonzeratu m'kamwa. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, pepala ili ine ndikuliona koyamba lero," anatero. "Galimoto ija sindinaitanitse ndekha ku Japan. Ndinaigula ili kale ku Dar, kwa mnyamata amene ananditumizira zithunzi pa WhatsApp. Mapepala anayendetsa ndi ejenti. Zimene ndinakuuzani ndi zimene anandiuza."

Mawu anga okonzeratu aja anasowa pogwira. Ndinabwera kudzatsutsa wabodza, koma mwina amene anali patsogolo panga anali wonamizidwa mnzanga.

Apa ndi pamene ndinazindikira kulakwa kwanga koyamba. Ndinasokoneza zinthu ziwiri: kukhulupirika kwa munthu ndi kudziwa kwake. Munthu akhoza kukhala woona mtima mpaka m'mafupa n'kukuuza zabodza, chifukwa akungopatsira zimene anamva. Kukhulupirika kwa alamu kukanatha kunditsimikizira kuti sakundinamiza dala. Sikukanatha kunditsimikizira zimene zinachitika pamsewu wina wa ku Japan iwo kulibe. Kufunsa mapepala sikukanakhala kufunsa za mtima wawo. Kukanakhala kufunsa za chitsulo, ndi za manja asanu kapena asanu ndi limodzi amene chitsulocho chinadutsamo, manja amene ine ndi iwo tonse sitinawaonepo.

Kulakwa kwachiwiri n'kochititsa manyazi kuposa apa. Ndikadzifunsa moona, ulemu sunali wokha umene unanditseka pakamwa. Galimotoyo ndinali nditaikonda kale. Ndinali nditadziona ndikutsika nayo kutchalitchi, ana ali kumbuyo. Sindinkafuna pepala limene likanandilanda chithunzicho. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma sanawonjezere kuti nthawi zambiri wakudya mkuyuyo amadziwa, amangosankha kusaung'amba. Panalinso china. Posafufuza, ndinasamutsa udindo wonse kuuika pamutu pa alamu. Galimoto ikadzakhala bwino, phindu langa. Ikadzavuta, mlandu wawo. Ndinawasenzetsa katundu amene sanapemphe, ndipo ndinkati ndikuwalemekeza.

Taonani zimene ulemu umenewo unabala. Ndikanafufuza ndisanagule, tikanaona pepalalo tili limodzi, tonse awiri n'kukwiyira mnyamata wa ku Dar. Tikanakambirana mtengo wina, kapena ndikanaisiya, chibale chili chilili. Koma poti ndinafufuza nditalipira kale, funso linasintha. Silinalinso lakuti galimotoyi yayenda mtunda wanji. Linakhala lakuti kodi alamu ankadziwa. Ndipo funso limeneli lilibe nambala ya chasisi. Palibe pa intaneti pamene ndingalipire kuti andiyankhe. Iwo sangathe kunditsimikizira kuti sankadziwa, inenso sindingathe kuchotsa kachikaiko kamene kamandibwerera ndikawaona akugulitsa galimoto ina. Kupewa manyazi a mphindi khumi kunatigulira kukaikirana kwa zaka. Khirisimasi ya chaka chimenecho tinadyera m'mbale imodzi, tikukamba za mpira basi.

Chodabwitsa n'chakuti makolo athu vutoli analidziwa ndipo analipezera njira. Mnyamata ndi mtsikana akafuna kukwatirana, amalume amafufuza. Amafunsa kuti banjalo ndi la kuti, ndi anthu otani, mnyamatayo sanasiye mkazi kwina. Palibe amene amakwiya, chifukwa aliyense amafufuzidwa, mwana wa mfumu ndi mwana wa mlendo chimodzimodzi. Pogula ng'ombe, wogula amaitsegula pakamwa kuona mano, amaiyendetsa kuona ngati ikutsimphina, mwini wake ali chiimire akusuta fodya, ngakhale ogulanawo ndi pachibale. Chimene chimanyoza munthu si kufufuzako ayi, koma kumupatula: kufufuza iye yekha pamene ena sitiwafufuza. Chikakhala chizolowezi cha aliyense, ululu wake umatha. Galimoto yalowa m'mabanja athu ambiri posachedwapa, m'zaka za intaneti zino, ndipo sitinaipangire mwambo wake. Mlendo timamufufuza mpaka kugona pansi pa galimoto ndi tochi. Mbale ndi mkulu wa mpingo timangowagwira chanza. Mwa kutero tapanga tokha kuti kufunsa mapepala kuzitanthauza kuti sindikukuyesa mbale.

Palinso amene amavulala ndi chizolowezi chosafufuzachi amene sitimuganizira: wogulitsa woona mtima. Katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba za zimenezi mu 1970, ndipo chitsanzo chake chinali msika wa galimoto zakale womwewu. Ganizo lake linali lotere. Ngati wogula sangathe kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yobisa matenda, sangalipire mtengo wa yabwino. Amapereka mtengo wapakati, wodzitetezera. Mwini galimoto yabwino akaona mtengowo amabwerera nayo kunyumba. Pamsika pamatsala zoipa zambiri, ogula amatsitsanso mtengo, abwino otsala amachokanso, mpaka msika wonse umadzaza ndi zimene aliyense ankaziopa. Ntchito imeneyi ndi imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001, pamodzi ndi Michael Spence ndi Joseph Stiglitz. Ndimaziona pa misika yathu. Munthu amene waitanitsa galimoto ya makilomita 120,000 enieni amaimika pafupi ndi mnzake amene yake ikuonetsa 60,000 obweza, ndipo ogula amathamangira ya mnzakeyo. Akapirira miyezi itatu osagulitsa, nayenso amayamba kufunsa kumene kumapezeka mnyamata wa kompyuta uja. Wogula aliyense amene safunsa pepala amaponya voti yoti kunama kuzipindula. Ine ndinaponya yanga ndikumwetulira.

Mpaka pano ndakamba ngati nkhaniyi ndi ya anthu awiri, wogula ndi wogulitsa. Ikanakhala choncho, munthu akanatha kunena kuti ndalama ndi zanga, ndikafuna kuzitaya chifukwa cha chibale ndi ufulu wanga. Pa wailesi kapena firiji zimenezo n'zoona. Koma galimoto imanyamula anthu amene sanalipo pokambirana mtengo. Chitsulo cha kutsogolo chinapangidwa kuti pangozi chipindike mwadongosolo n'kumwa nkhonya isanafike kwa okwera. Chikapindikapo n'kuwongoledwa mwachisawawa, kachiwiri sichimwa chimodzimodzi. Airbag imene inaphulikapo ena saibwezeretsa, amangotseka pamalopo n'kuzimitsa kagetsi kochenjeza. Giredi R siitanthauza kuti galimoto ndi yoipa. Zambiri zimakonzedwa bwino ndipo zimayenda zaka. Imatanthauza kuti pali malo oyenera kuyang'anitsitsa, ndipo amene sadziwa sayang'ana. Miyezi inayi ndinanyamula ana anga, apongozi, ndi kwaya ya amayi kupita ku Dedza, ndisakudziwa chimene chinali kuseri kwa boneti. Ulemu wanga kwa alamu ndinkaulipira ndi chitetezo cha anthu amene sindinawapemphe chilolezo. Chimodzimodzi ndi galimoto yobedwa. N'chifukwa chake galimoto yodutsa malire m'chigawo chathu chino imafuna chikalata cha apolisi, ndipo Interpol imasunga kaundula wa galimoto zobedwa. Amene amagula motchipa osafunsa kumene yachokera sangotaya ndalama zake tsiku limene apolisi adzailande. Wathandizanso kuti amene analoza mfuti dalaivala wina ku Johannesburg apeze msika.

Mnzanga wina nditamufotokozera maganizo amenewa anandifunsa funso limene linandisowetsa mtendere. Anati ngati mbiri ndi yofunika chotere, nanga munthu wotuluka kundende amene akufuna ntchito, naye tizimupatsa giredi R mpaka imfa? Yankho limene ndili nalo ndi lakuti chitsulo sichilapa. Makilomita amene injini yayenda sabwerera, ndipo mbiri ya galimoto ndi kufotokoza thupi lake monga lilili lero. Munthu amatha kukhala wina wosiyana ndi amene analembedwa papepala. Komabe sindinganame kuti yankholi limatseka nkhani yonse, chifukwa sukulu imene ikulemba ntchito mlonda wa ana ili ndi chifukwa chofunsira kumene wachokera. Ndizisiye pomwepo, ndi nkhani ina.

Chimene chandichititsa kulemba zonsezi n'chakuti gudumu linazungulira. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, fizi ya mwana wathu ku koleji inakwera, malipiro a mphunzitsi anatsalira m'mbuyo. Tinagwirizana zogulitsa Sienta. Dashibodi inkaonetsa 118,000. Ine ndekha ndi mayi tinkadziwa kuti nambala yoona yadutsa 200,000. Kapepala ka pachitseko kanali katayamba kale kumatuka, kongofuna chikhadabo chimodzi.

Wogula anapezeka msanga: mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4. Amayi ake anagulitsa soya ndi mbuzi, iye anawonjezera za maganyu ndi ngongole ya banki m'khonde, kuti aziyendetsa takisi pakati pa Lilongwe ndi Mitundu. Anaizungulira kamodzi, anayang'ana dashibodi, anamwetulira. Sanafunse kanthu.

Usiku umenewo ndinadzipezera maloya ambiri m'mutu mwanga. Woyamba anati sindine amene ndinabweza mileage. Wachiwiri anati inenso ndinagula choncho, bwanji ndiluze ndekha. Wachitatu, wochenjera kwambiri, anati sindinama: mnyamatayo sanafunse, ndipo kukhala chete si bodza.

Loya wachitatuyu ndi wakale kwambiri. Mu 44 BC, Cicero wa ku Roma, m'buku lake lonena za udindo lotchedwa De Officiis, anafotokoza za wamalonda amene wafika ndi tirigu pachilumba cha Rhodes kuchokera ku Alexandria nthawi ya njala. Mitengo yakwera, koma iye akudziwa kuti zombo zina zodzaza tirigu zili m'njira kumbuyo kwake. Awauze anthu, kapena agulitse modula ali chete? Anaperekanso chitsanzo cha munthu wogulitsa nyumba imene ili ndi zilema zodziwa iye yekha. Cicero anaimika anzeru awiri kuti atsutsane. Diogenes wa ku Babulo ankati wogulitsa aulule zimene lamulo limamukakamiza, asanene bodza, koma sali wokakamizidwa kuphunzitsa wogula zonse. Wophunzira wake, Antipater, ankati munthu sangabisire munthu mnzake chinthu chimene moyo wake ukudalira, pakuti onse ndi a gulu limodzi. Cicero anaima ndi Antipater, ndipo anasiyanitsa zinthu ziwiri: kungokhala chete, ndi kukhala chete n'cholinga choti mnzako asadziwe chimene iwe ukudziwa kuti iwe upindule. Chachiwirichi anachiona kukhala chinyengo. Abale athu a ku South Africa amadziwa mawu akuti voetstoots, kugulitsa chinthu monga chilili. Koma ngakhale kumeneko lamulo silitchinjiriza wogulitsa amene ankadziwa chilema n'kuchibisa dala.

Sindinafunikire Cicero kuti ndidziwe mbali imene chete wanga anali. Ndinkadziwa chifukwa chimene mnyamatayo sanafunsire. Sanafunse chifukwa ndine mphunzitsi wake. Ulemu umene unanditseka pakamwa pamaso pa alamu ndi womwewo umene unkamutseka iye pamaso panga, ndipo ine ndinkakonzeka kuusandutsa ndalama. Apa ndi pamene ndinaona mbali ina ya funso langa lija. Ngati wamng'ono sangathe kufunsa wamkulu mapepala popanda kuoneka wamwano, ndiye kuti wamkuluyo ndi amene ayenera kuwatulutsa asanafunsidwe. Mwambo umene umamanga pakamwa pa wogula umaika ngongole pa wogulitsa. Ndipo chimene ndinadziwa ku Biwi sindikanatha kuchibweza ngati mileage. Alamu mwina anali ndi pobisala, poti sankadziwa. Ine ndinalibe.

Sindikufuna kudzijambula ngati woyera. Mayi a kunyumba ndi ine tinakangana mpaka usiku, iwo akuwerenga fizi, ine ndikuwerenga zomwezo. Ndinayesa njira yapakati, yoti ndingonena kuti galimotoyi yayenda kuposa zimene ikuonetsa, osatchula za ngozi. Koma takisi ya ku Mitundu imanyamula anthu ochuluka kuposa mipando yake isanu ndi iwiri, tonse timadziwa, ndipo amene amakhala kutsogolo pafupi ndi fenda ya kumanja ndi mnyamata yemweyo.

Atabwera m'mawa ndinamupatsa pepala la okushoni, n'kumuonetsa kapepala ka pachitseko. Ndinamuuza kuti apite nayo kwa makaniko amene iye amamudziwa, osati wanga.

"Aphunzitsi, zimenezo ayi. Inu simungandinamize."

"Mphwanga, ine sindine makaniko. Pali zimene sindikuzidziwa. Pita nayo."

Anapita monyinyirika, ngati ndamutuma kukaba. Anabwera madzulo ndi mndandanda. Kutsogolo anakonza bwino, chasisi ndi yowongoka. Koma makaniko wake anapeza chimene ine sindinkachidziwa: giyabokosi yayamba kutsetsereka ikatentha, ndipo pa ntchito ya takisi singathe chaka. Anandiuza akuyang'ana pansi, ngati wolakwa ndi iye. Tinakhala pakhonde n'kuchotsera mtengo wa giyabokosi ina ndi wa makilomita obisika aja. Anaigula. Ndalama zimene ndinalandira zinaperewera pa fizi, ndipo mwana anayamba semesita mochedwa ndi milungu itatu, titakongola kwina. Mayi anakhala masiku angapo akundiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Kumapeto kwa mwezi womwewo foni inalira usiku. Unali uthenga wa Airtel Money: ndalama zochokera kwa alamu, pafupifupi theka la zimene zinaperewera. Panalibe mawu ena alionse. Mwina mlongo wawo anawadandaulira ndipo anathandiza monga amalume a mwana. Mwina inali njira yawo yonenera chimene sananene Loweruka lija. Ndinawaimbira m'mawa kuthokoza, anandifunsa za mvula ndi za mayeso a mwana, ndipo sindinawafunse kuti ndalamazo zinali za chiyani.